Ulusi Wobiriwira pa Buluku la Maliro

Ku ofesi kwathu ku City Centre kunali anthu odziwa makompyuta, odziwa malamulo a ntchito, ndi ena odziwa kuseka nthabwala za mabwana. Ine ndinkadziwa maliro. Ntchitoyi sindinachite kuifunsira. Mesenjala wathu atamwalira, abale ake anasowa woti awerenge mbiri ya malemu, ndipo poti ndinali ndi cholembera m'thumba, ndinakhala pansi ndi mlongo wake kuseri kwa nyumba n'kulemba tsamba limodzi. Nditawerenga, amayi analira kuposa mmene analirira bokosi likutuluka m'nyumba. Pobwerera, abwana anandigwira phewa m'galimoto ya ofesi n'kunena kuti ndili ndi mphatso. Kuchokera tsiku limenelo Loweruka linasiya kukhala langa.

Mbiri ya malemu imaoneka ngati kanthu kochepa. Anabadwira kuti, anaphunzira kuti, anagwira ntchito yanji, wasiya ana angati, anayamba liti kudwala. Koma kuti ituluke bwino pamafunika kukhala pansi ndi ofedwa, kuwafunsa modekha, kudikira kuti amalize kulira, n'kufunsanso. Ine ndinkadziwa kufunsa. Ndinkatha kutulutsa m'kamwa mwa mayi wamasiye kanthu kamene ngakhale ana ake sankakadziwa, monga kuti malemu ankamupitira kuchigayo ali ndi pakati, anthu akumuseka. Mbiri yanga inafalikira kuposa mbiri zimene ndinkalemba. Anayamba ndi a mu ofesi, kenako a kumpingo, kenako achibale a anzanga a kuntchito, mpaka anthu amene sindinkadziwa n'komwe kuti nambala yanga anaitenga kuti.

Ndisaname, ndinkaikonda ntchitoyo. Pa ofesi ndinali kalaliki wamba, woti bwana akhoza kukudutsa m'khonde ngati akudutsa tebulo. Koma pa maliro ndikagwira chinkuzamawu, ngakhale a magalimoto akuluakulu ankakhala chete kumvera ine. Pansi pa kunyadako panalinso mantha. Kwathu munthu wosaoneka pa maliro a anzake anthu amamusunga mumtima, ndipo ndinkadzifunsa kuti tsiku langa likadzafika adzabwere ndani. Choncho sindinkakana. Mayi a kunyumba ankati ana athu amandizindikira ndi fungo la utsi wa pa siwa. Ndinkaseka, koma iwo sankaseka nawo.

Ndili ndi achimwene anga aakulu, telala. Amasoka pakhonde la sitolo ina ya nsalu m'tauni, ku Old Town, kamtunda kochepa kuchokera pa depoti. Bambo athu atamwalira kumudzi, ndi iwo amene ananditenga n'kundilera mu Lilongwe muno. Yunifolomu iliyonse imene ndinavala kusukulu inatuluka m'makina awo. Anali munthu wovuta pa ntchito yake. Tsiku lina anamasula msoko wonse wa kabudula wanga chifukwa penapake unakhota pang'ono, malo oti palibe akanaona. Ndinachedwa kusukulu, ndinakwapulidwa, koma iwo anati bola kukwapulidwa kusiyana n'kuyenda ndi msoko wokhota wochokera m'manja mwawo. Alamu anga anatisiya zaka zinayi zapitazo, ndipo mbiri yawo ndinalemba ndine. Mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa ku Mzuzu. Achimwene anatsala okha m'kanyumba ka lendi ku Mchesi.

Tsiku lililonse ndinkatsika minibasi ya ku Biwi pa depoti n'kukwera ya ku City Centre. Madzulo chimodzimodzi. Kuchokera pamene ndinkasinthira minibasi kukafika pakhonde la achimwene si ulendo woti munthu n'kutuluka thukuta. Ndinkadziuza kuti ndiwaona mawa, ndipo mawa likafika foni inkalira.

Buluku langa lakuda, la suti imene ndinkavala pa maliro, linamasuka m'munsi. Ndinapatsa mayi a kunyumba kuti akalisiye kwa achimwene popita kumsika. Anabwera ndi uthenga wakuti mwini wake apite akamuyeze. Ndinakwiya pang'ono. Kupinda m'munsi mwa buluku kukufuna muyeso wanji, miyendo yanga inatalika liti? Ndinawabweza mayiwo ndi mawu akuti muyeso ndi womwe uja. Patapita sabata analitenga, litasitidwa bwino, litakulungidwa m'nyuzipepala. Ndinalivala m'mawa wa Loweruka ndikuthamangira galimoto ya maliro, osaliyang'ana.

M'miyezi yomweyo achimwene anandiyimbira kawiri. Ulendo woyamba ndinali kuseri kwa nyumba ina ku Kawale, pepala lili pabondo, mayi wamasiye akundifotokozera za matenda a mwamuna wake.

"Mphwanga," anatero achimwene, "upeze tsiku undiperekeze kuchipatala. Maso angawa akuchita chifunga. Akuti kumeneko amathira mankhwala oti munthu sungayende wekha pobwerera."

"Achimwene, ndili pa maliro. Ndikuyimbirani madzulo."

Sindinayimbe. Ulendo wachiwiri ndinali m'basi ya kwaya tikuperekeza maliro ku Mitundu, nyimbo ili pakamwa. Ndinawayankha mawu omwewo. Sanayimbenso kachitatu, ndipo ine ndinaganiza kuti maso aja achira.

Mwezi wa Okutobala apongozi a abwana anamwalira. Maliro anali kunyumba kwawo ku Area 3, nyumba ya mpanda wautali, matenti atatu pa kapinga. Sabata imeneyo anali maliro anga achitatu, ndipo tulo ndinali nditangolawa. Dzuwa linali loswa mtengo. Nditaima kutsogolo ndi chinkuzamawu, ndinawerenga bwino za kubadwa ndi za sukulu. Nditafika pa za ukwati, zilembo zinayamba kuyenda papepala ngati nyerere. Ndinamva mutu ukugunda kumbuyo, makutu akulira. Chimene ndikukumbukira n'chakuti anthu awiri anandigwira m'khwapa n'kundikhazika pampando kuseri kwa tenti. Mayi wina wa ku Rumphi, amene timagwira naye ntchito mu ofesi imodzi, anatola pepala langa n'kumaliza kuwerenga. Mwambo sunaime ngakhale pang'ono.

Pakati pa olira panali namwino. Anandimasula tayi, n'kundiuza kuti ndiweramitse mutu pakati pa mawondo. Ndinawerama. Ndipamene ndinaona m'munsi mwa buluku langa koyamba chilitengereni kwa achimwene miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyomo. Linapindidwa ndi ulusi wobiriwira, wowala ngati wa yunifolomu ya ana a pulayimale. Msoko wake unkakwera n'kutsika, pena kulumpha, pena kubwerera pomwe wadutsa kale. Ndinauyang'ana nthawi yaitali, kwaya ikuimba. Munthu amene anandikwapulitsa kusukulu chifukwa cha msoko wokhota sakanatulutsa chinthu chotere akuona. Mantha amene anandigwira pampando paja sanali a mutu wanga.

Kuchipatala anandiyeza bipi kawiri chifukwa ulendo woyamba namwino anaganiza kuti makina alakwitsa. Dokotala anandipatsa mapiritsi ndi kalata yopuma sabata yathunthu. Anandifunsa kuti pa sabata ndimapuma tsiku liti. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene Lamulungu, koma ndinakumbukira kuti Lamulungu ndikatuluka m'tchalitchi ndimapita kukapepesa kumene sindinafike Loweruka. Ndinangoti ndimapuma ndikapeza mpata. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti mpata umenewo ukhoza kudzandipeza ndili m'bokosi.

Mungaganize kuti mawa lake ndinathamangira kwa achimwene. Sindinapite. Ndinkaopa chimene ndikachipeze, ndipo ndinkachita manyazi. Ndinakhala kunyumba masiku awiri ngati mlendo wosadziwa pokhala. Kupuma sindinkakudziwa. Ndikagona pa mphasa pakhonde, mtima unkandiuza kuti penapake pali anthu akundidikira. Ndinkadzuka, kuyang'ana foni, kugonanso. Mayi a kunyumba anatopa nane, anatenga foniyo n'kuitsekera m'kabati ya mbale, kiyi n'kumangirira pa chitenje. Tsiku lachitatu ndinapinda buluku lija, kuliika m'jumbo, n'kukwera minibasi.

Ndinawaona ndili patali. Anali pamalo pawo pomwe paja, pakati pa chipilala ndi chitseko cha sitolo, tepi ili m'khosi. Anali atachepa thupi. Ndinaima patsogolo pa makina, dzuwa lili kumbuyo kwanga. Anakweza mutu n'kundiyang'ana m'maso.

"Takulandirani, bwana. Tikuthandizeni chiyani?"

"Achimwene, ndine."

Anaseka. "Aa, bwana wa maliro. Wamwalira ndani m'tauni muno kuti mpaka utipeze?"

"Palibe wamwalira. Ndabwera kudzakuonani."

"Ndiye khala pansi, usandiimire ngati wa khonsolo."

Ndinakhala pa benchi ya makasitomala. Tinafunsana za kunyumba, za ana, za mvula imene inali kuchedwa. Za kugwa kwanga ku Area 3 anali atamva kale kwa mayi a kunyumba, ndipo anandinyoza kuti ndinafuna kupikisana ndi malemu. Kenako ndinatulutsa buluku lija.

"Achimwene, kodi buluku ili munalisoka ndi ulusi wanji? Si wakuda uwu."

Dzanja lawo linaima pa gudumu la makina. Zinali kanthawi kochepa kwambiri, koma ndinaona. Kenako anasekanso, mokweza kuposa poyamba.

"Ndinachita dala. Ndinati mwina akaona adzabwera kudzandikalipira, ndimuoneko nkhope. Koma iwe miyezi yonseyi osayang'ana ndi miyendo yako yomwe."

Ndinaseka nawo, chifukwa ndinkafunitsitsa kuti zikhale zoona. Posakhalitsa ulusi wa m'makina unaduka. Ananyowetsa nsonga yake ndi malovu, anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda singano, n'kuyamba kulasa. Ulusi unkadutsa pambali. Analasa kachiwiri, kachitatu, kachisanu. Ndinkamva kupuma kwawo. Kenako anadzuka n'kundipatsa ulusiwo osandiyang'ana.

"Tandilowetsera, magalasi ndaiwala kunyumba."

Mawuwo anatuluka mosalala, ngati mawu amene munthu wawanena kambirimbiri kwa anthu ambiri. Achimwene sanakhalepo ndi magalasi moyo wawo wonse. Ndinagwada pa simenti n'kulowetsa ulusi. Inenso ndinaphonya kawiri.

Mawa lake ndinawaperekeza kuchipatala cha maso. Tinakhala pa mzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo aka kanali koyamba m'zaka zinayi kukhala nawo tsiku lathunthu. Dokotala atawayeza anatiuza kuti si ng'ala, imene amachotsa munthu n'kuonanso. Anati ndi nthenda ina imene imapha diso pang'onopang'ono popanda ululu, ndipo chimene chafa sichibwerera. Lakumanzere linali litapita. Lakumanja linatsala pang'ono, ndipo likhoza kusungika ndi mankhwala odontheza tsiku lililonse. Anafunsa kuti chifunga chinayamba liti. Achimwene anati chaka chatha. Dokotala anapukusa mutu n'kunena kuti akanabwera nthawi imeneyo bwenzi tikukamba zina.

Potuluka ndinawagwira mkono chifukwa mankhwala aja anawachititsa kuti asaone ndi pang'ono pomwe. Tinayenda mpaka pa siteji. Ndinkafuna andikalipire, anditukwane pamaso pa anthu, andikumbutse yunifolomu zonse zija. Iwo anangondisisita dzanja.

"Usadandaule, mphwanga. Unali pa maliro."

Sananene mokhumudwa. Ananena ngati akundikhululukira chinthu chomveka, ndipo n'chifukwa chake mawuwo akundiwawabe mpaka lero. M'minibasi mutu wanga unayamba wokha ntchito imene unazolowera, kusanja mbiri ya munthu amene ndakhala naye pafupi. Anabadwira kwakuti, anaphunzira utelala kwa akuti, anakwatira, anafedwa. Nditafika pamenepo ndinaima. Za zaka zinayi zotsatira ndinalibe chilichonse. Sindinkadziwa amene amawaphikira, kaya amapitabe kutchalitchi, kaya amawoloka bwanji msewu wa pa depoti ndi diso limodzi. Ndinkadziwa zambiri za apongozi a abwana kuposa za munthu amene anandilera.

Zimene ndinasintha pambuyo pake ndi zazing'ono, moti ndimachita manyazi kuzitchula. Nditabwerera ku ntchito ndinalowa mu ofesi ya abwana n'kuwauza kuti za mbiri ndayamba ndapuma, ndipo mayi wa ku Rumphi uja avomera kumalemba. Abwana anavula magalasi.

"Ndiye mwatopa nafe?"

"Ayi bwana, ndi adokotala anena."

"Chabwino. Tonsefe tidzafa, mukudziwa."

Kuyambira pamenepo anayambanso kundidutsa m'khonde ngati tebulo. Mayi uja amawerenga bwino, Chichewa chake chili ndi kakomedwe ka kwawo, ndipo anthu amamuyamikira. Tsiku loyamba kumva akumuyamikira ndinapsa mtima ngati mwana wolandidwa chidole. Ndinkaganiza kuti popanda ine maliro a mu Lilongwe adzasokonekera. Palibe chinasokonekera, anthu akuikidwa bwinobwino.

Tsopano ndimanyamuka kunyumba msanga pang'ono. Ndikatsika pa depoti ndimayamba ndapita pakhonde paja. Ndimawadontheza mankhwala m'diso, chifukwa okha amathira patsaya. Ndimalowetsa ulusi m'singano zamanja zisanu ndi imodzi n'kuzibaya pa kansalu motsatana, za ulusi wakuda kumanzere, za woyera kumanja. Ulusi wa makina ndimausanja m'kabokosi mwa dongosolo lomwelo kuti aziupeza ndi dzanja. Ntchito zazikulu anasiya kulandira. Amapinda, amaika zigamba, amasoka mabatani ndi zipi, zinthu zimene zala zawo zimadziwa zokha. Zonsezi zimanditengera mphindi zochepa, ndipo ku ofesi ndimafika nthawi yake. Ndikaganiza kuti zinali zotheka zaka zonsezi, chakudya chimandikanika.

Loweruka m'mawa foni imatsala m'kabati ya mbale. Ndimapita kukakhala pa benchi ija mpaka masana, osachita kanthu. Timagula chinangwa chootcha kwa mayi wa pakona, timakangana za mpira, nthawi zina ndimawodzera nditatsamira chipilala, iwo n'kumauza makasitomala kuti asandidzutse, ndine mlonda wawo. Bipi inatsikako. Koma ndisanamize munthu kuti mtima unakhazikika. Lole ya maliro ikadutsa mumsewu amayi akuimba, miyendo yanga imafuna kudzuka yokha. Maliro a pafupi ndimapitabe, n'kukhala kumbuyo ngati wina aliyense. Ena ndimapepesa Lolemba. Kumpingo ndinamva kuti ena akuti ndayamba kudzimva, ndipo mkulu wina amene kale ankandiitana ndi ulemu tsopano amandipatsa moni wa nsonga za zala. Funso lija, lakuti kwanga kudzabwera ndani, silinachoke. Limabwera ndikakhala chete.

Diso lakumanja nalo likupita, pang'onopang'ono, ngakhale tikudontheza. Dokotala akuti tikuchedwetsa chabe. Mwana wawo akufuna adzawatenge apite ku Mzuzu, iwo akukana, akuti kumeneko akakhala ngati katundu. Sindikudziwa kuti tidzakhala pakhonde paja mpaka liti.

Loweruka lina posachedwapa anandiuza kuti ndibweretse buluku lija alikonze. Mayi a kunyumba anali atafuna kale kumasula ulusiwo, ine ndinawaletsa. Ndinapita nalo. Achimwene analiyala pamiyendo, anatembenuza m'munsi mwake, n'kuyamba kuyendetsa chala pa msoko. Ndinaona chala chikuima paliponse pamene msoko unalumpha. Anazungulira mwendo wonse, n'kuyamba winawo. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene akuwerenga kalata yoipa.

"Mphwanga."

"Wawa, achimwene."

"Tandiuza zoona. Unali wa mtundu wanji?"

Pakhonde panali phokoso la masiku onse, makondakitala akuitanira, wailesi ya m'sitolo ikulira. Ndinaganiza zonama, ndinene kuti unali wabuluu wakuda, woti munthu aliyense akhoza kusokoneza. Koma anali atandipempha zoona.

"Wobiriwira."

"Wobiriwira weniweni?"

"Ngati wa yunifolomu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndipo unayenda nalo pamaso pa anthu miyezi isanu ndi iwiri."

"Eya."

"Anthu ankati telala wake ndani ameneyu."

"Palibe anafunsa, achimwene."

Anapapasa m'kabokosi kufuna kalumo komasulira msoko, anakapeza, n'kukagwira kanthawi. Kenako anakabwezera. Anapinda bulukulo bwinobwino, mwendo pa mwendo, monga amachitira ndi ntchito yomalizidwa, n'kundipatsa.

"Ndikalimasula sinditha kulibwezera," anatero. "Pita nalo. Udzavale pa maliro anga, anthu adzaone kuti ndinasoka mpaka pomaliza."

Ndinaliika m'jumbo. Panabwera mayi wina ndi siketi yofuna zipi, achimwene anandipempha singano yakuda, ndipo ndinawapatsa yoyamba kumanzere.